Kutchinga sliding door ndi pulayiwudi namondwe asanafike

Nyumba zambiri kuno ku Florida zili ndi chitseko chachikulu chagalasi kumbuyo, chija chimatseguka mochita kukankhira m'mbali, choyang'ana pakhonde. Eni dziko amati sliding door, ifenso tinangotengera dzina lomwelo. Masiku wamba n'chosangalatsa. Pabalaza pamawala, ndipo uli khale pampando umaona ana akusewera panja. Koma kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, nyengo ya anamondwe a m'nyanja ya Atlantic, palibe malo ofewa panyumba kuposa pamenepo. Ndi bowo lalikulu pakhoma, lotsekedwa ndi magalasi okhala pa timawilo.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma namondwe yekha amaimba. A National Hurricane Center ku Miami amamuona akadali kutali panyanja, amamupatsa dzina, n'kumalengeza njira yake tsiku ndi tsiku. Vuto ndi loti ng'omayo timaimva tonse nthawi imodzi, ndiye tonse timakakumana kusitolo ya matabwa tsiku limodzi. Ine zinandigwera mu Seputembala 2017, namondwe Irma akubwera. Ndinaima pamzere kuyambira m'mamawa, kufika mkati pulayiwudi wokhuthala atatha. Ndinatola wopyapyala amene anatsala, madzulo ake n'kumukhoma ndi masikuluwu pa kamzere kokongoletsa kozungulira chitseko. Sindinkadziwa kuti kamzere kameneko ndi siponji youma chabe, yopakidwa pulasitala pamwamba kuti izioneka ngati simenti. Usiku wonse thabwalo linkagogoda khoma ngati munthu wodzatenga ngongole yake. Kutacha ndinalizula ndi manja okha, osagwira chitsulo chilichonse. Galasi linapulumuka mwamwayi basi.

Agogo ena oyandikana nafe, amene anali ku Homestead pamene Andrew anasesa tauniyo mu Ogasiti 1992, anabwera kudzaona ntchito yanga. Anangopukusa mutu, n'kugogoda khoma ndi chala. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinayamba kuzimva kwa iwo tsiku limenelo, ndipo zonse zimabwerera pa mfundo imodzi: thabwa limalimba malinga ndi pamene lagwira.

Tiwerengere pang'ono kuti mudziwe chimene mukulimbana nacho. Sliding door yofala kwambiri ndi ya mainchi 72 m'lifupi ndi mainchi 80 kuchokera pansi kufika pamwamba, kapena kuti masentimita 183 ndi 203. Mphepo yothamanga makilomita 200 pa ola, imene ndi ya namondwe wa gulu lachitatu pa magulu asanu a mphamvu za anamondwe, imakankha chitseko chotere ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 700. Amenewo ndi matumba 14 a simenti atatsamira galasi lanu. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Komanso mphepo sikankha kokha. Mbali ya nyumba imene yafulatira mphepo imachita kuyamwidwa, moti thabwa limakokedwera kunja. N'chifukwa chake misomali siigwira ntchito imeneyi: imakana kukankhidwa koma imazuka mosavuta.

Komabe chimene chimaswa magalasi kawirikawiri ndi zinthu zouluka: matailosi a denga la anzanu, nthambi, mpando wapakhonde, miyala yokongoletsera m'maluwa. Galasi likangosweka, mphepo imadzaza m'nyumba ngati mpweya m'chibaluni n'kuyamba kukankha denga kuchokera mkati, pamene kunja ikulikokera kale m'mwamba. Madenga ambiri amachoka chonchi. Andrew atadutsa, akuluakulu a dera la Miami anakhwimitsa malamulo a kamangidwe, ndipo mpaka lero zitseko ndi zotchinga zogulitsa amaziyesa pozilasa ndi thabwa la 2 by 4, lija wamba lomangira nyumba, lolemera mapaundi 9, pafupifupi makilogalamu 4, lothamanga makilomita pafupifupi 55 pa ola. Chotchinga chopanga nokha sichinadutse mayeso amenewo, ndipo m'maboma a Miami-Dade ndi Broward pulayiwudi sawerengedwa ngati chitetezo chovomerezeka pa nyumba yatsopano. Amene thumba likulola agule zachitsulo zovomerezeka. Ena tonsefe, pulayiwudi wokhomedwa bwino amatchinga zambiri. Yang'ananinso pakona ya galasi lanu: ngati kachizindikiro kake kakusonyeza kuti ndi lija losasweka msanga, la magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, lovomerezeka pa namondwe, ntchito yonseyi mwaipulumuka.

Dziwani kaye khoma lanu

Musanagule kanthu, tulukani mukagogode khoma kuzungulira chitseko. Nyumba zambiri za ku Florida ndi za mabuloko a simenti opakidwa pulasitala, koma chipinda cham'mwamba cha nyumba yosanja nthawi zambiri chimakhala cha matabwa. Ku Texas ndi ku Louisiana zambiri ndi za matabwa kuyambira pansi. Njerwa zimene mumaziona kunja kwa nyumba za ku Houston kawirikawiri ndi malaya chabe, mafupa a nyumbayo ndi matabwa amene ali kuseri.

Ngati khoma ndi la mabuloko, kumbukirani kuti buloko ili ndi mphako. Pamwamba pa chitseko pali lintala ya konkire, ndipo m'nyumba zomangidwa zaka zaposachedwa mphako za m'mbali mwa chitseko zimakhala zothiridwa konkire ndi chitsulo. Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Polira ngati ng'oma pali mphako, pogontha ndiye polimba. Kamzere kokongoletsa kaja kabayeni ndi msomali pamalo obisika. Msomali ukangolowa ndi chala, dziwani kuti mabawuti anu ayenera kudutsa kameneko mpaka akalume buloko, kapena akhale kunja kwa kamzereko.

Ngati khoma ndi la matabwa, mbali iliyonse ya chitseko kuli matabwa awiri oimirira ophatikizidwa, onse pamodzi mainchi atatu okha m'lifupi, ndipo pamwamba pali mtanda wokhuthala. Masikuluwu anu ayenera kulowa m'menemo. Zovala zakunja za nyumba, kaya ndi zapulasitiki kaya timatabwa topyapyala, sizigwira kanthu.

Felemu ya aluminiyamu ya chitsekocho musaiboole pokhoma chotchinga. Mukakhomapo thabwa, mphamvu yonse ya mphepo mwaisenzetsa chinthu chomwe mumafuna kuteteza.

Ambirife timachita lendi, ndiye safunsa anadya phula. Kuboola khoma la eni popanda chilolezo kumadyetsa ndalama ya chikole. Alembereni alandilodi m'mwezi wa Meyi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Ena amakhala nazo kale zotchinga zachitsulo zili m'galaja, mwina munaziona n'kumayesa malata otsala pomanga. Kumene kuli bungwe la eni nyumba, funsaninso kumeneko. Okhala m'mafulati am'mwamba, ntchito imeneyi ndi ya eni nyumbayo, musakwere nayo makwerero.

Zogula

Pulayiwudi akhale wakunja, amene m'sitolo amalemba kuti CDX, wokhuthala 5/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 16. Malamulo a m'madera ambiri amalola wopyapyalako, 7/16, koma pa bowo lalikulu ngati ili wopyapyala amapindika kwambiri. Mtanda umodzi wa pulayiwudi, ndiye kuti thabwa lathunthu, ndi mapazi 4 ndi 8, kapena masentimita 122 ndi 244, ndipo umalemera makilogalamu oposa 20. Mufunika iwiri. Mudzaonanso matabwa otchipa opangidwa ndi zibanthu zomatidwa, a OSB. Ine sindiwakonda pa ntchitoyi chifukwa m'mphepete mwake mumatupa akanyowa, ndipo mabowo amakula msanga mukawagwiritsa ntchito kawiri katatu.

Onjezerani matabwa asanu a 2 by 4 a mapazi 8, limodzi mwa iwo likhale lothiridwa mankhwala chifukwa lidzagona pasimenti. Masikuluwu akunja a mainchi awiri ndi theka, guluu wa matabwa wosaopa madzi, mawashala otambalala, penti yotsala iliyonse yakunja. Masikuluwu akuda aja okhomera siling'i ndi makoma am'kati asiyeni, amathyoka ngati bisiketi.

Pogwirira kukhoma ndi pamene simuyenera kuumira. Pakhoma la mabuloko gulani mapulagi achitsulo okhala m'khoma mpaka kalekale, ogulitsa amati anchor. Alipo a mitundu iwiri: ena ndi kachubu ka mazinga mkati kobisika m'khoma, kamene mumamangiramo bawuti, ena ndi kamtengo kachitsulo kotuluka panja, kamene mumavekapo thabwa n'kumanga ndi nati ya mapiko. Achiwiriwa amafulumira tsiku lokhoma, oyambawa saoneka ndipo sakola zovala za ana. Onse akhale a chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mpweya wa kunyanja umadya chitsulo wamba m'nyengo zochepa. Masikuluwu abuluu a Tapcon amagwira bwino ulendo woyamba, koma mukamawalowetsa ndi kuwatulutsa m'bowo lomwelo chaka ndi chaka, bowolo limakhwepa. Pakhoma la matabwa gulani masikuluwu akuluakulu a mutu wa sipanala, a 1/4 kapena 3/8 ya inchi, aatali moti alowe mainchi awiri kapena kuposa m'thabwa lenileni la nyumba, osawerengera pulayiwudi ndi zovala zakunja.

Zida ndi tepi yoyezera, pensulo, levulo, sowo, dirilo yogogoda yoboolera simenti ndi mano ake, magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Dirilo yogogodayo imabwerekeka, simufunika kugula. Ndipo pezani mnzanu. Ntchitoyi si ya munthu mmodzi.

Kuyeza ndi kudula

Yezani bowo la khoma, osati galasi, ndipo yezani katatu: pansi, pakati, pamwamba. Makoma samakhala owongoka monga amaonekera. Tengani muyezo waukulu. Pakhoma la mabuloko onjezerani mainchi 6 mbali iliyonse ndi pamwamba, kuti mabawuti asakhale pamlomo penipeni pa buloko pamene simenti imabenthuka. Pakhoma la matabwa mainchi 4 akwanira, bola mabowo agwere pa matabwa oimirira aja.

Pa chitseko chathu cha 72 ndi 80 pakhoma la mabuloko, chotchinga chonse chikhala mainchi 84 m'lifupi ndi 86 kutalika. Apa anthu ambiri amaimika mitanda iwiri moyandikana, ngati zitseko ziwiri, chifukwa ndi mmene maso amaonera. Ine ndimati igonekeni. Mtanda woimirira umagwira khoma mbali imodzi yokha, ndipo polumikizira pake pamagwera pakati penipeni pa galasi popanda chochirikiza. Wogona umagwira khoma kumanja ndi kumanzere komwe. Pulayiwudinso amalimba kwambiri motsatira utali wake, mmene mitsempha ya thabwa lakunja yalowera. Ndiye dulani wapansi ukhale 84 ndi 48, wam'mwamba 84 ndi 38. Masitolo ambiri a matabwa amadula okha mukawapatsa miyezo, zimenenso zimathandiza kuti katunduyo akwane m'galimoto.

Onani chogwirira cha chitseko ngati chatuluka kupitirira khoma. Pakati pa pulayiwudi ndi galasi payenera kukhala mpata, chifukwa thabwa likamenyedwa limapindikira mkati, ndipo likafika pagalasi limaswa lokha chimene limateteza. Ngati chitseko chanu chili m'mphepete mwenimweni mwa khoma, ikani felemu ya 2 by 4 pakhoma kuti thabwa litalikireko, mabawuti adutse zonse ziwiri.

Pali njira ina yolowetsa thabwa m'kati mwa bowo la khoma n'kuligwiriza ndi mipiringidzo yachitsulo ija timaika pazitseko, yolowa m'timabowo ta m'mbali. Pa mawindo ang'onoang'ono olowa m'kati ndi njira yabwino ndithu. Pa sliding door ine sindiikhulupirira payokha.

Nthiti

Pulayiwudi wa mapazi 6 wopanda chochirikiza pakati amavina ngati chikopa cha ng'oma. Apa ndi pamene matabwa a 2 by 4 aja akulowera, ine ndimawatcha nthiti. Dulani onse asanu akhale mainchi 84. Mtanda wapansi ulandire atatu, m'munsi, pakati ndi pamwamba. Wam'mwamba ulandire awiri, m'munsi ndi pakati, popeza pamwamba pake pagwira lintala.

Nthiti ikhale kunja, ndipo ikhale chammbali, mbali yake yopyapyala ndiyo ikhudze pulayiwudi. Thabwa logona chafufumimba limapindika mosavuta, lokhala chammbali limakana. Yesani nokha poika thabwa pa njerwa ziwiri n'kuliponda, mudzaona kusiyana. Pakani guluu, tembenuzani mtandawo, kenako mangani masikuluwu kuchokera mbali yam'kati, kudutsa pulayiwudi kulowa m'nthiti, pa mainchi 6 aliwonse. Lembani mzere ndi pensulo kuti musaphonye.

Nthiti ziwiri zili ndi ntchito yapadera. Yapamwamba pa mtanda wapansi ndi yam'munsi mwa mtanda wam'mwamba zigonerana mukasanjikiza mitandayo. Zibooleni pamodzi mabowo anayi, muzidzazimanga ndi mabawuti ndi manati tsiku lokhoma, ndipo polumikizira paja padzakhala polimba kuposa pena paliponse. Yam'munsi kwenikweni, yothiridwa mankhwala ija, igona pasimenti ya pakhonde. Sliding door ilibe khoma pansi pake, choncho m'munsi mwa chotchinga mulibe pogwira mukapanda kuchitapo kanthu. Boolani nthitiyo malo atatu kulowa m'simenti, muikemo mapulagi obisika aja, kuti masiku ena munthu asamapunthwe. Pansi pa nthitiyo sepani timipata tiwiri titatu todutsa madzi. Mukatseka ponseponse, mvula yotsikira kuseri kwa thabwa imadikha pakhomo n'kulowa m'nyumba.

Mtanda wapansi ndi nthiti zake ulemera makilogalamu oposa 30. Ganizirani zimenezi ngati m'nyumba muli inu nokha ndi ana.

Chitseko cha mapazi 8 m'lifupi ndi nkhani ina, chifukwa mtanda umodzi sufika khoma ndi khoma. Pamenepo mufunika zidutswa zitatu zoimirira ndi nthiti zazitali za mapazi 10 zomangidwa pamalopo, ndipo kulemera kwake kumayamba kupitirira nzeru. Pa kukula kumeneko funsani mtengo wa zotchinga zachitsulo kaye.

Kuboola

Yambani ndi pulayiwudi ali pansi. Lembani mabowo mainchi awiri ndi theka kuchokera m'mphepete, otalikirana osaposa mainchi 12, kumanja, kumanzere ndi pamwamba. Onetsetsani kuti pafupi ndi mutu wa nthiti iliyonse pali bowo, chifukwa katundu yense wa nthiti amathera pamenepo. Mudzapeza mabowo oposa 20. Adzaoneka ochuluka, ndipo dzanja likayamba kuwawa mtima udzakuuzani kuti mudumphe ena. Musaumvere.

Imikani mtanda wapansi pamalo pake, mnzanu agwire, muyese ndi levulo. Lembani mabowo awiri okha a m'makona apamwamba, chotsani thabwa, boolani khoma, ikani mapulagi, bwezerani thabwa n'kulimanga. Tsopano thabwalo ndilo likulondolereni: lowetsani dirilo m'bowo lililonse la pulayiwudi kuti isiye chizindikiro pakhoma, kenako chotsani thabwa mumalize kuboola. Mukayesa kuyeza mabowo onse pakhoma ndi tepi, ena adzaphonyana ndi a pathabwa ndi kamtunda kochepa, kokwanira kukutukwanitsani tsiku la namondwe. Chitani chimodzimodzi ndi mtanda wam'mwamba, utakhala pa unzake.

Kuya kwa bowo kutsatire zimene zalembedwa pa paketi ya mapulagi, ndipo kuwerengedwe kuyambira pa buloko. Pulasitala wakunja sawerengedwa, ndipo nthawi zina amakhala wokhuthala kuposa theka la inchi. Kulungani kaselotepi pa dzino la dirilo posonyeza pofika. Mukatha, chotsani fumbi m'bowo, apo ayi pulagi imakhala pa ufa n'kumaoneka ngati yagwira. Kachubu kapulasitiki komwera zakumwa kamathandiza kuuzira, mutatsinzina kapena mutavala magalasi. Bowo likaphulikira m'mphako kapena pakamwa pake pakabenthuka, lisiyeni, boolani lina mainchi angapo kuchokera pamenepo, lakalelo mulitseke. Dzino likagunda chitsulo cha m'konkire musakakamize, sunthani. Penyaninso pamene pali soketi ya magetsi kapena getsi lakunja, waya wake amadutsa chapafupi.

Bawuti iliyonse ikhale ndi washala wotambalala. Popanda washala, mutu wa bawuti umang'amba pulayiwudi wonyowa n'kudutsa, thabwa n'kuuluka mabawuti onse atatsala pakhoma. Mangani mpaka washala agwire, osati mpaka amire m'thabwa.

Zonse zikakwana, khomani chotchinga chonse kamodzi ngati kuti namondwe wafika, muone nthawi imene zikutengerani. Kenako tsitsani, pakani penti mbali zonse makamaka m'mphepete, ndipo lembani ndi zilembo zazikulu kuti “khonde lakumbuyo, wapansi” ndi muvi wosonyeza kumwamba. Mabawuti, manati, mawashala ndi sipanala yake zikhale m'chitini chimodzi chomangiriridwa ku nthiti. Sungani mitandayo m'galaja itagona pa timatabwa, yosakhudza simenti. Yotsamira khoma imapindika pakapita miyezi, mabowo n'kusiya kukumana, ndipo yokhudza pansi chiswe cha kuno sichiichitira manyazi.

Chitseko chenichenicho

Kuseri kwa thabwa chitseko chikufunikabe chisamaliro. Sesani njanji imene timawilo timayendamo, ndipo tsegulani ndi kawaya timabowo tating'ono totulutsira madzi tam'munsi mwa felemu, timene timatsekeka ndi mchenga ndi ubweya wa agalu. Chitseko chakunja cha sefa yotchinga udzudzu chinyamuleni muchilowetse m'nyumba. Yesani kutukula chitseko chagalasi m'mwamba. Ngati chikunyamuka moti chingachoke m'njanji, mangani masikuluwu awiri m'njanji yam'mwamba, mitu yake itsike mokwanira kutseka mpatawo koma chitseko chiziyendabe. Kiyani loko, ikani mtengo wa tsache wodulidwa bwino m'njanji yam'kati, yalani matawulo akale pansi. Madzi pang'ono adzalowa ndithu, mphepo ikamawakankha amakwera ngakhale phiri.

Selotepi yomata pagalasi ngati mtanda ija siithandiza kanthu. Siiletsa galasi kusweka, ndipo ikhoza kugwirizanitsa zidutswa kuti ziuluke zili zazikulu. Mudzatsala ndi ntchito yopala guluu wopsa ndi dzuwa. Nkhani yotsegula windo pang'ono kuti mpweya ufanane m'kati ndi kunja nayonso ndi yabodza, mukungoitanira mphepo pansi pa denga.

Tsiku lokhoma

Pali machenjezo awiri. Loyamba, hurricane watch, limaperekedwa kutatsala maola 48 kuti mphepo yamphamvu iyambe. Lachiwiri, hurricane warning, kutatsala maola 36. Maolawo amawerengera pamene mphepo ya makilomita 63 pa ola ifike, osati pamene diso la namondwe, pakati pake pabata paja, lifike. Khomani pa chenjezo loyamba. Mtanda wa pulayiwudi mphepo ikaukola umasanduka thanga la bwato, umakukokani n'kukugwetsani, ndipo anthu amavulala chonchi namondwe asanafike n'komwe.

Yambani ndi kulowetsa zonse za pakhonde: mipando, miphika ya maluwa, chowotchera nyama, mabini, njinga za ana, ngakhale mbaula yathu ija tinavutika kuipeza. Kenako mtanda wapansi, mabawuti a m'makona poyamba, osamangitsa mpaka onse atalowa. Wam'mwamba pambuyo, kenako mabawuti olumikiza nthiti, kumalizira a m'simenti. Mukatha gwedezani ndi mphamvu zanu zonse. Pakamveka kugogoda paliponse, pezani pamenepo.

Nyumba yotchingidwa ponseponse ndi msampha moto ukabuka. Pakhale chitseko chimodzi chotulukira chimene aliyense m'nyumba, ngakhale mwana, akhoza kutsegula mumdima. Magetsi akazima yatsani matochi, makandulo ayi. Jenereta ikhale panja, mapazi 20 kapena kuti mamita 6 kuchokera panyumba, osati m'galaja kapena pakhonde kuseri kwa thabwa lanu. Utsi wake wakupha ulibe fungo. Ndipo kunja kukangoti zii pakati pa namondwe, musatuluke kukayendera ntchito yanu. Likhoza kukhala diso, ndipo mphepo imabwerera mwadzidzidzi kuchokera mbali ina.

Thabwa limatchinga mphepo ndi zouluka, madzi a m'nyanja ayi. Pa 28 Seputembala 2022 Ian anakankhira nyanja kumtunda ku Fort Myers Beach, ndipo madzi anamiza nyumba zotchingidwa bwino ndi zosatchingidwa mofanana. Maboma ambiri a m'mphepete mwa nyanja anagawa madera awo ndi zilembo, A, B, C ndi zina, zosonyeza oyenera kusamuka. Dziwani chilembo cha kwanu. Akanena kuti musamuke, khomani matabwa anu, kiyani, nyamukani.

Ife ochokera kumudzi madzi timawadziwa. Freddy mu Marichi 2023 anapha anthu ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera kwa Malawi ndi matope ndi miyala yotsika m'mapiri, ndipo pamenepo palibe thabwa likanathandiza. Koma amene ali ndi abale ku Beira, kumene Idai anasasula madenga mu Marichi 2019, kapena ku Quelimane, njira yomweyi imagwira ntchito pa nyumba za zitseko zagalasi, kungoti nyengo yawo ndi Novembala mpaka Epulo. Kumeneko funsani pulayiwudi wa mamilimita 18 amene amapangira mabokosi othiramo konkire, ndi mabawuti okhala m'khoma otchedwa rawl bolt. Chenjerani ndi khoma la njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti yochepa: boolani pakati pa njerwa yeniyeni, osati pamzere wa matope, ndipo njerwa ikamafumbutuka ngati chigumu sakani lintala ndi mizati ya konkire.

Akadutsa

Dikirani akuluakulu anene kuti kwatha. Musanagwire thabwa, yang'anani ngati palibe waya wa magetsi wagwera pakhonde kapena m'madzi odikha. Tsitsani wam'mwamba poyamba, muli awiri, chifukwa pulayiwudi wonyowa amalemera kuposa mmene munamukwezera. Musasiye chotchinga pakhoma mpaka Novembala poti mwina kubwera wina, monga mmene Milton anatsatira Helene pasanathe milungu iwiri mu 2024. Chitseko chimenecho ndi njira yothawira moto, ndipo kuseri kwa thabwa nkhungu imamera msanga m'chinyezi cha kuno.

Umitsani mitandayo padzuwa masiku awiri, mukuitembenuza. Bowo limene lakula kapena kung'ambika, matanipo kachidutswa ka pulayiwudi ndi guluu ndi masikuluwu, mubooleponso. Mabawuti abwezereni m'mapulagi a pakhoma mutawapaka girisi pang'ono, chifukwa bowo losiyidwa pululu mavu amadzaza dothi, ndipo wodzapenta nyumba amalitseka ndi penti osadziwa kuti ndi la chiyani.